Chingwe Chomwe Ndinamangira Makina

12 Januwale

Amayi a ana anga,

Masiku atatu tsopano sindikugona bwino, ndipo chikundisowetsa tulo ndi chinthu choti mukachimva museka: chingwe. Koma ndiyambe mwaulemu. Muli bwanji kumeneko? Chifuwa cha mzime wathu chinatha? Amayi anga ayamba kuyenda, kapena mwendo ukadali wotupa? Ine kuno ndili bwino, m'thupi mulibe pondipweteka, Mulungu akundisunga.

Ndasangalala kumva kuti makina osokera anafika osathyoka ndipo mwayamba kale kulandira ntchito ya mayunifolomu. Ulusi wabuluu ndagula, ndaupereka kwa adalaivala a basi pamodzi ndi kalatayi. Masingano kuno akwera mtengo, omwe alipowo muwasamale.

Munafunsa kuti ntchito yanga yatsopanoyi ndi yotani kwenikweni. Paja kale ndinkakolopa m'zipinda zovalira osewera. Kuyambira Novembala anandisamutsira panja, kuthandiza a Mdala, amene asamalira mabwalo a kalabu ino zaka makumi atatu. Timatchetcha udzu, kuthirira, ndi kujambula mizere yoyera. Masewera ake ndi ragibi, aja ndinakuuzani kuti mpira wake uli ngati dzira, ndipo amuna aakulu ngati zitseko amagwetsana dala popanda woitana apolisi.

Ligi isanayambe, timu imasewera masewera anayi oyeserera. Oyamba anali Loweruka, koyenda, ndipo anatikwapula 41 kwa 10. Ine ndinkayesa kuti poti ndi oyeserera anthu sadandaula. Ndinalakwa. Eni nyumba imene ndikukhala, amene amasapota timuyi chibadwire mpaka anajambulitsa chizindikiro chake pachitseko cha galaja, anabwerako atakwiya. Akazi awo atawaikira chakudya, bambowo anati, "Chotsa, ndakhuta kale manyazi." Lolemba m'mawa tinapeza anthu pageti la kalabu atavala majezi motembenuza. Mkulu wina amene amatsogolera nyimbo za masapota, timangomuti a Lipenga, anaima pamenepo mpaka masana akuliza lipenga lake pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro.

Onsewo akuloza munthu mmodzi, amene amamenya mpira poyambitsa masewera. Amupatsa kale dzina, akuti Mwendo Waufupi.

Tsono za chingwe. Chija ndinamangira katoni ya makina, chotuwa ndi laimu, chokhala ndi mphete yachitsulo kumapeto. Chikadalipo? Musachitaye, ndipo ana asachitenge kukasewerera. Ndidzafotokoza.

Muzindipempherera monga inenso ndimachitira.

Ndine mwamuna wanu.

20 Januwale

Amayi a ana anga,

Moni nonse m'dzina la Ambuye. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndinaseka ndekha ngati wozungulira mutu pamene mwalemba kuti, "Munthu wachoka chaka ndi miyezi iwiri, polemba kalata akufunsa za chingwe." Mukunena zoona. Ndimakusowani kuposa chingwe, musakayike. Ndathokoza kuti mzime wachira. Wachisamba muuzeni kuti ndamva zoti akuthawa masamu, ndipo ndikudikira kuona lipoti lake.

Mwati chingwecho munachimanga pakona ya chipinda, pamwamba pa makina, ndipo mumapachikapo mayunifolomu omwe mwatsiriza. Chisiyeni pomwepo. Koma mutenge tepi yanu yoyezera nsalu, muchiyeze kuyambira pamphete mpaka pomwe ndinadula, mundilembere. Pafoni musanene. Khoma la chipinda changa ndi thabwa, eni nyumba amamva ngakhale ndikamatafuna.

Loweruka tagonjanso, 36 kwa 7. Ndikufotokozereni lamulo limodzi kuti mumvetse chondivuta. Poyambitsa masewera, komanso nthawi iliyonse adani akagoletsa, munthu wathu amamenya mpira kuchokera pamzere wapakati. Mpirawo uyenera kufika pamzere wina umene uli mamita khumi kutsogolo. Katswiri amaumenya m'mwamba kuti ukagwe pamzerewo ndendende, anzake athamange akaulande. Ukaperewera, woimbira amaimitsa n'kupereka mpira kwa adani pakati pabwalo. Mwendo Waufupi anapereweza katatu pamasewera oyamba, Loweruka kawiri. Anthu atamukuwiza anamenya mwaukali, mpira n'kutulukira kunja, umenenso ndi mlandu.

Chodabwitsa onse n'chakuti pokonzekera salakwitsa. Ndimamuona ndi maso anga: amamenya kamakumi atatu motsatizana, mpira ukugwa pamzere ngati wauika ndi dzanja. Ndiye akochi akuti vuto si mwendo koma mtima, munthuyu akaona anthu amachita mantha. Masapota atola mawu omwewo. Dzana ndikumetetsa, ometa anandiuza lumo lili pakhosi panga kuti, "Iwe umagwira komweko, kamuuze akagule mtima kumsika, ife tisonkha." Ndinangoti inde bwana. Munthu wogwira lumo sinditsutsana naye.

Tsopano nayi nkhani yanga. Bwalo lalikulu analitseka kuti udzu watsopano umere, ndiye chiyambire Disembala timu ikukonzekera pabwalo lakuseri. Mizere ya bwalo limenelo ndinajambula ndine, ndekha, a Mdala ali kuchipatala ndi msana. Iwo sayeza ndi tepi. Ali ndi chingwe chawo chakalekale cha mfundo zopaka utoto wofiira: mfundo ya mamita asanu, ya khumi, ya makumi awiri ndi awiri. Umakola mphete pachikhomo n'kukoka, pomwe pafika mfundo ndi pomwe pali mzere.

Mphete imeneyo ili kwanu, pamwamba pa makina.

Sindinachite dala, Mulungu ndi mboni. Inali sabata yanga yoyamba panja, basi inali pafupi kunyamuka, katoni ikuphwasuka. Ndinalowa m'shedi, ndinaona chingwe chakale chili pamsomali, ndinadulako. Tsiku lomwe anandituma kujambula mizere m'pamene ndinadziwa chomwe ndinadula. Ndinangomangirira nsonga yodukayo pachikhomo, ndikudziuza kuti kachidutswa sikangasinthe kanthu. Mwina sikanasinthedi. Yezani mundiuze.

Ndalama ya feteleza ndatumiza dzulo, onani pafoni.

Mwamuna wanu.

31 Januwale

Amayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndikudya, ndikugwira ntchito, za thupi zithere pomwepo.

Mita imodzi ndi theka. Ndinawerenga katatu, ndikuyembekeza kuti mwina mwalemba inchi. Ndiye kuti mzere wanga wa mamita khumi uli pa asanu ndi atatu ndi theka, mbali zonse ziwiri mofanana, n'chifukwa chake palibe amene wauona kuti ngwopotoka. Masabata asanu ndi awiri munthu uja wakhala akuphunzitsa mwendo wake bodza langa.

Loweruka tinasewera pakhomo koyamba, pabwalo lalikulu. Mizere ya kumeneko sitijambula ife, imabwera kampani ndi makina. Ndinaima pakona ndi ndowa yanga ya mchenga, ndinaona zonse. Anthu anadzadza ngati ndi ligi. Munthu uja atangogwira mpira kuti ayambitse, bwalo lonse linayamba kuwerenga mokweza, kuyambira chimodzi mpaka khumi, a Lipenga akutsogolera. Anamenya. Mpira unakwera bwino, unagwa phazi limodzi usanafike pamzere. Amayi, phokoso lake sindingalilembe. Kenaka kunayamba kugwa marula. Marula a kusukulu, apulasitiki ndi amatabwa, anthu anabwera nawo dala m'matumba. Wina kumbuyo kwanga ankakuwa kuti, "Tola imodzi mwana wa mayi, ukayeze kunyumba!" Mayi wina wachikulire, wovala bwino ngati akupita kutchalitchi, anatukwana mawu oti sindinayambe ndawamva ngakhale kudepoti.

Mkazi wa munthuyo anali pampando wapafupi ndi polowera osewera. Ndi woyembekezera, watopa kale. Nthawi yopuma ananyamuka atagwira m'chiuno, sanabwerenso.

Tinagonja 29 kwa 12. Sindikunena kuti timu yonse ndaigwetsa ndine. Osewera athu okankhana ndi adani ndi ofooka, ena ananenepa patchuthi. Koma amenewo palibe akuwagenda. Marula ndinatola ndine anthu atapita, anadzadza thumba la feteleza. Ndinaganiza zopatulako awiri kuti nditumizire ana, dzanja linakana. Za m'kalabu muno ndatolamo zokwana.

Lero m'mawa munthu uja anabwera yekha anzake asanafike, ndi thumba la mipira paphewa. Ndi munthu waulemu, pa osewera onse ndi yekhayo amene amandipatsa moni wa padzanja, amanditchula achimwene a mizere. Anati, "Achimwene, kaimeni pamzere wanu uja, mundiuze zoona kuti ukugwa pati." Ndinakaima. Anamenya khumi, yonse inagwera m'manja mwanga osasuntha phazi. Anabwera akupukuta nkhope ndi jezi n'kuti, "Mwaona? Kuno mwendo ulipo. Ndiye kuti akunena zoona, ndine wamantha." Ine ndinatsegula pakamwa, ndipo zomwe zinatuluka ndi zakuti, "Limbani mtima, zikhala bwino."

Dzulo kutchalitchi kunali mgonero. Anzanga akupita kutsogolo ine ndinakhala pampando, ndikunamizira kumanga nsapato.

Koma sindingokhala ndikulira. Ndinawononga ndi manja awa, ndikonza ndi manja omwewa. Ndadziwa chochita. Amayi anga musawauze chilichonse, mtima wawo mukuudziwa.

Ine mwamuna wanu wochimwa.

7 Febuluwale

Amayi a ana anga,

Moni wachimwemwe. Nonse muli bwanji? Ine lero ndadzuka wopepuka ngati ndatula thumba la simenti.

Ndakonza. Ndinagula tepi yaitali ya amisiri ndi ndalama yanga, yodula kuposa nsapato za wachisamba, koma sindikudandaula. Dzulo titaweruka kutchalitchi ndinapita kukalabu kulibe munthu, kupatula alonda amene ndinawauza kuti ndikukathirira. Ndinatchetcha udzu mpaka pansi, ndinatsuka mizere yakale ndi burashi ndi madzi mpaka osaoneka ngakhale kadontho, ndinayeza kawiri, ndinajambula yatsopano. Mamita khumi enieni. Ndagwira ntchito tsiku la Ambuye ndipo ndanamiza alonda, ziwirizo ndaziulula kale m'pemphero. Koma tsopano munthu uja aphunzira pamzere woona, mwendo wake uzolowera, ndipo palibe amene achotsedwe ntchito, iye kapena ine.

Mwafunsa ngati mugule malata tsopano kapena tidikire. Gulani, mvula isatichititsenso manyazi chaka chino. Mupite ndi achimwene anu, amadziwa kusiyanitsa olimba ndi opyapyala, koma ndalama muzigwira ndinu. Mayi uja wa mayunifolomu asanu ndi limodzi musamupatse onse asanalipire.

Eni nyumba ayambiranso kudya, ngakhale akuti akudya mokwiya.

Mpsompsonereni mzime.

Mwamuna wanu.

16 Febuluwale

Amayi a ana anga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amoyo. Pepani kuti Lamlungu pafoni ndinali wa mawu ochepa. Simunalakwe kanthu.

Chimwemwe cha m'kalata yapita ija muchifafanize. Ndinaganiza ngati mwana. Lolemba lomwelo munthu uja anabwera kudzakonzekera, akochi ataima pambali ndi kabuku kawo. Anamenya monga amamenyera masiku onse, mpira unagwa usanafike pamzere wanga watsopano. Anamenyanso, chimodzimodzi. Kasanu. Anayang'ana phazi lake ngati la munthu wina. Akochi anatseka kabuku n'kuti, "Tsopano wayamba kuopa ndi udzu womwe." Malo amodzi okha omwe ankadzikhulupirira ndi omwe ndamulanda.

Pamasewera omaliza oyeserera sanamulowetse n'komwe. Anaika wina, ndipo tinagonja pang'ono, 22 kwa 19. Kwa masapota umenewo ndi umboni wokwanira. Alemba chikalata chopempha kuti achotsedwe, chikuyenda m'mabala, kometera, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Eni nyumba anandibweretsera m'chipinda ndi cholembera chomwe. Anati, "Saina apa mwana wanga, iwe ndi wa m'banja la kalabu." Ndinawaonetsa manja kuti ali ndi laimu. Anati adikira ndisambe. Mpaka lero ndikulowa m'nyumba mozemba ngati wakuba nkhuku.

Pa 4 Malichi akuluakulu a kalabu akhala pansi kulemba maina a osewera a chaka chino. Amene dzina lake palibe, ntchito yatha. Aliyense akudziwa dzina limene lisowepo.

Dzulo ndinapita kwa a Mdala m'shedi, anali akunola mipeni ya makina otchetchera. Ndinagwada pansi, ndinanena zonse. Sanasiye kunola. Anati, "Dzuka, uwononga thalauza. Ndinadziwa tsiku lomwe ndinatuluka m'chipatala. Chingwe chimenecho ndakhala nacho nthawi yaitali kuposa mkazi wanga, ungachidule ine osadziwa?" Anachitsitsa pamsomali kundionetsa. Analumikiza chidutswa china mwaluso, anaika mphete ina, anachipaka laimu ndi dothi. Tsopano chikukwana khumi ndendende.

Ndinafunsa chifukwa chomwe anakhalira chete, osakonza ngakhale mizere. Anati, "Ndikanaikhudza akanafunsa. Amanijala akhala akufuna kupereka mabwalo onse kwa a makina aja. Akuti chingwe ndi zachikale. Angomva kuti chingwe chalakwitsa, ine ndapita, ndipo yanditsalira chaka chimodzi kuti ndipume ndi penshoni. Wosewera apeza timu ina, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ine ndi iwe tikapeza kuti bwalo lina? Iwenso chikalata chako chokhalira m'dziko muno chalembedwa dzina la kalabu. Tseka pakamwa, udzu umera, anthu aiwala."

Si munthu woipa, amayi. Ndi amene anandipempherera kwa amanijala kuti ndichoke kokolopa. Akabweretsa chakudya amagawa pakati.

Ndakuuzani zonse tsopano, palibe chomwe ndasunga. Ndiuzeni maganizo anu, musandinyengerere.

Mwamuna wanu.

24 Febuluwale

Amayi a ana anga,

Moni. Ndamva kuti malata afika ndipo amayi anakawagwira ndi manja kuti akhulupirire. Mulungu alemekezeke.

Kalata yanu ndaiwerenga kambiri, mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Ndinakupemphani kuti musandinyengerere, ndipo simunandinyengereredi. Mwati munthu amene ndikumulira amalandira pamwezi zomwe ine ndimalandira pachaka. Zoona. Mwati wachisamba akulowa fomu wani chaka chamawa, ndipo chilungamo changa sichidzamulipirira fizi. Zoona. Mwati ndinalapa kale kwa Mulungu ndipo mizere ndinakonza, ndiye chatsala ndi kunyada kofuna kuoneka woyera. Pamenepo mwandilasa, ndipo ndakhala masiku awiri ndikudzifunsa. Mwina kunyada kulimo. Koma amayi, mukanamuona. Munthu amene ankalowa pageti akuimba mluzu, tsopano amaimika galimoto kuseri kwa shedi yathu kuti ana a sukulu asamuone. Wina anamulembera nambala 10 pachitseko cha nyumba yake ndi utoto. Mkazi wake wapita kwa makolo ake kuti akachirire kumeneko, akuti kuno magazi akumukwera. Kulapa kwanga kwamuchotsera chiyani pa zonsezi?

Musakwiye. Ndamuuza.

Linali Lachiwiri, anzake atapita. Ndinamutengera pabwalo lakuseri, ndinamuonetsa pomwe panali mzere wakale, ngakhale palibe chooneka, ndinatsuka bwino kwambiri. Ndinanena za katoni, za basi, za mphete, za Lamlungu lija. Anapita pamzere wapakati, anayenda akuwerenga mapazi, anabwerera, anayendanso. Kenaka anakhala pansi paudzu. Ine ndinkadikira chibakera, ndipo munthu wake mukanamuona mukanadziwa kuti chimodzi chokha chikanakwana.

Anati, "Makinawo akusoka?"

Ndinati akusoka.

Anati, "Bola. Chingwecho chinagwirako ntchito kwina." Anaseka pang'ono, kenaka anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. Ndinayang'ana kumbali.

Atadzuka anati, "Achimwene, ine sindikakunenezani. Ndikakanena ine, aziti wamantha wapeza pothawira, wayamba kunamizira anthu otchetcha udzu. Zikatuluka, zituluke pakamwa panu. Mukakhala chete sindidzakudani, ndikudziwa muli ndi ana. Koma usiku uno ndikagona podziwa kuti mwendo wanga sunandinamize."

Akanandimenya zikanandipepukira.

Mawa ndikupita kwa akochi. Ndikanena kuti a Mdala anali m'chipatala, mlandu ndi wanga ndekha. Ndikudziwa kuti simunavomere. Sindikuchita izi chifukwa mawu anu ndi opepuka kwa ine.

Mwamuna wanu, amene amakukondani ngakhale mukukwiya.

27 Febuluwale

Amayi a ana anga,

Foni yanu ikungoitana kuyambira Lachisanu. Achimwene anu andiuza kuti nonse muli bwino, ndiye ndadziwa kuti si matenda. Ndathokoza Mulungu pa chimenecho, ndipo sindikukudandaulani.

Ndinapita kwa akochi monga ndinanenera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ndiwayamikire. Kenaka anatenga tepi, tinapita pabwalo lakuseri, anayeza mzere. Khumi. Anaitanitsa a Mdala ndi chingwe chawo, anayeza. Khumi. Anawafunsa ngati chingwecho chinadukapo. A Mdala anayang'ana pansi n'kuti, "Chingwe changa chili monga mukuchioneramu, bwana."

Akochi anandigwira paphewa. Anati, "Ndikudziwa amakupatsa moni, ndipo ukumumvera chisoni. Ndi mtima wabwino. Koma usapeke nkhani, ungapweteke mdalayu pachabe." Ndinaona kuti ndinatsuka umboni wanga ndi burashi yanga yomwe, tsiku la Ambuye.

Ndinati, "Bwana, nanga mphete?" Anaima. Paja akochiwa anasewerapo pano ali anyamata. Anati mphete ya chingwe cha a Mdala amaidziwa, ili ndi chizindikiro cha kalabu, nyanga ziwiri, a kalabu anachita kuwasulira atakwanitsa zaka khumi pantchito. Anatembenuza mphete yatsopano ija, ilibe kanthu. A Mdala anati yakale inatayika kalekale. Akochi anatiyang'ana tonse awiri, kenaka anandiuza kuti, "Ukandibweretsera mphete imeneyo ili pachidutswa chake lisanafike Lachisanu, ndikaima nawe pamaso pa akuluakulu, ndipo munthu uja ndimupatsa mwezi wina. Ukapanda kubweretsa, nkhaniyi sindinaimve."

Amayi, kayang'aneni mpheteyo. Nyanga ziwirizo muziona.

Sindikubisirani zomwe zingatsatire. Akhoza kundichotsa, ndipo akandichotsa chikalata changa chatha, ndibwera ndi chikwama chokha. Akhozanso kungondibwezera kokolopa. Akochi akuti adzandilankhulira, koma sanalonjeze. Eni nyumba akadzamva kuti amene anawalanda chakudya mwezi wonse amagona kuseri kwa thabwa lawo, sindikudziwa ngati marula sadzagwera ine. A Mdala sakundilankhula. Dzulo anadya okha, atandifulatira, koma pochoka anasiya theka pabenchi. Ndapempha akochi kuti za chidutswa cholumikiza chija zithere m'shedi, ndipo ndidzapemphanso pamaso pa onse.

Ndaganiza za fizi, ndaganiza za malata omwe sanakhomedwe. Manja ndili nawo. Ndikabwera ndidzalima, ndidzanyamula katundu, ndidzakusitirani mayunifolomu ngati mungandiphunzitse. Chomwe sindingathe ndi kudzakhala m'chipinda chimenecho zaka zonse, ndikuyang'ana chingwe chili pamwamba pa makina amene akutidyetsa.

Lachisanu ndikaima pamaso pawo, mphete ilipo kapena palibe. Popanda mphete adzangondiseka, ndipo munthu uja apita. Ndiye nkhaniyi yachoka m'manja mwanga, ili m'manja mwanu. Ndikanatha kutuma achimwene anu kuti akachimasule inu muli kumsika. Sindichita zimenezo. Chinalowa m'nyumba mwathu mwakuba, sindifuna chitulukenso mwakuba.

M'phukusili muli chingwe chatsopano, mamita atatu, ndagula kusitolo ndipo lisiti lake lili momwemo. Mupachikepo mayunifolomu.

Adalaivala afika kumeneko Lachiwiri, anyamuka Lachitatu m'mawa, Lachinayi ndidzakhala ndikuwadikira kudepoti. Apatseni chingwecho, kapena apatseni kapepala kolemba ayi ndi dzanja lanu. Chilichonse mwa ziwirizi ndichilandira. Koma asabwere chimanjamanja, amayi. Ndiyankheni pofika Lachitatu.

Ndine mwamuna wanu,
bambo a ana anu.